Chingwe cha Chigumu

Pa Nkaya, pafupi ndi pamene njanji zimapatukana, pali khonde la sitolo pomwe Hudson Sitima amasokerapo zovala. Makina ake ndi akale, opalasa ndi phazi, koma msoko wake sukhota, ndipo amayi a m'deralo akafuna diresi la chinkhoswe sapitirira khonde limenelo. Mkazi wake, Joanna, amagulitsa zitumbuwa ndi thobwa cha pambali. Ali ndi mwana mmodzi, mtsikana dzina lake Kumbu, amene pa nthawi ya nkhaniyi anali asanayambe n'komwe sukulu. Wachinayi pabanjapo anali galu.

Galuyo anamutcha Chigumu ndi Kumbu, poti ubweya wake unali wofiirira ngati chigumu chopsa bwino. Agalu ena a pa Nkaya amakula ndi miyala ndi makoko a m'mbale, koma uyu anakulira pa mapazi a telala. Hudson anamusokera lamba wa m'khosi kuchokera ku jinzi yotsala, n'kuluka chingwe cha nsalu zamitundumitundu, cholimba ndi chachitali kwambiri, chokhala ndi kagoli kumapeto kolowetsamo dzanja. Ankati galu womangidwa pafupi amakhala ndi mtima wa mkaidi.

Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, banjali linkamanga mbatata yophika ndi botolo la thobwa n'kulowera kutchire. Poyamba anthu ankaseka. Ankafunsa kuti munthu wamutu wake amakatani kutchire wopanda nkhwangwa, wopanda khasu, ngakhale legeni. Nayenso Joanna masiku oyambawo ankayenda chozolika. Koma m'kupita kwa miyezi manyazi aja anasanduka china. Kumbu, kamwana kosatha n'komwe kumanga nsapato, ankaloza mlambe, msangu ndi bwemba osaphonya, ndipo ankasiyanitsa kulira kwa nkhwali ndi kwa njiwa. Anzake akamalirira foni, iye ankalirira kumtsinje. Joanna akamayenda pambuyo n'kumaona mwamuna wake, mwana wake ndi galu wawo ali pamzere m'kanjira, mtima unkamutupa ngati mtanda wa mandasi.

Panali lamulo limodzi lokha limene Joanna anaika. Kutchire kopanda minda Kumbu ankaloledwa kugwira chingwe, koma akayandikira madimba, chingwecho chinkabwerera m'manja mwa wamkulu.

Tsiku lina m'mwezi wa Seputembala, dzuwa litaumitsa udzu wonse, anatsikira ku Rivirivi. Mtsinje unali utaphwa n'kutsala mchenga ndi timadziwe apa ndi apo, koma m'mbali mwake madimba anali biriwiri. Atafika pamene mipanda ya bango inayambira, Joanna anatambasula dzanja kuti alandire chingwe. Kumbu anachibisa kumbuyo, n'kuyamba kulira. Chakumunsi kwake amayi angapo ankachapa pa dziwe, ndipo onse anali atatukula mitu kuyang'ana kamwana kotsogolera galu wamkulu ngati mbusa. Hudson anawaona maso amenewo, ndipo anamukomera.

"Musiyeni, mayi a Kumbu," iye anatero. "Galuyu amamva mawu a mwanayu kuposa anga."

"Amamva akakhala kuti sanaone nkhwali," Joanna anayankha.

Hudson anaseka n'kunena kuti nkhwali za ku Rivirivi nazo zimapuma Lamulungu. Anamuwongolera Kumbu chipewa, n'kumuuza kuti atsogole anthu aone. Joanna sanafune kukangana ndi mwamuna wake pamaso pa anthu, choncho anameza mawu ake n'kutsatira.

Sanapite patali. M'tsinde mwa mpanda munatuluka nkhwali, yothamanga chowerama, n'kulowa pa kampata ka m'bango. Chigumu sanafunse munthu. Anadumpha kamodzi, Kumbu n'kukhala pansi phwata, chingwe n'kupulumuka m'dzanja lake ngati mlamba. Galu analowa m'dimba.

Chikhala kuti anali galu yekha, bwenzi atangothyola masamba awiri atatu. Koma kumbuyo kwake kunali chingwe chachitali chija, ndipo kagoli kake kanakola mtengo woimikira tomato. Mtengowo unazuka n'kugona chopingasa, ndipo Chigumu anaukoka m'dimba monse ngati ng'ombe yokoka pulawo. Tomato amene anali ataima m'mizere, womangidwa bwino, zipatso zake zitayamba kuyezuka, anagwa mzere ndi mzere. Nkhwali itakhota, nayenso anakhota, n'kudutsa pakati pa nazale pomwe mbande zinali zitangomera. Pamene nkhwaliyo inauluka, theka la dimba linali litagona.

Mwini dimba anatulukira kuseri kwa nthochi atanyamula ndowa. Anali Che Swaibu, bambo achikulire a ndevu zoyera, ovala kachisoti koluka. Ana awo aamuna onse anali ku Joni, ndipo dimba limenelo ankalilima okha. Ndilo linkadyetsa iwo ndi akazi awo mpaka mvula itagwa. Sanakalipe. Anaika ndowa pansi, n'kuponda chingwe ndi phazi, kenaka anachitola chakumapeto n'kukachimanga pa msangu wa pakona, osamukhudza galuyo ngakhale ndi chala. Atatero anaima n'kuyang'ana mizere yogwayo.

Atapatsana moni, Che Swaibu anafotokoza pang'onopang'ono zimene aliyense wa m'mbali mwa mtsinjewo amadziwa: chiweto chogwidwa m'munda sichichoka mpaka mwini wake atakonza chimene chawonongeka. Anati ikanakhala mbuzi akanapita nayo kwawo kukaisunga m'khola, koma mwa chipembedzo chawo galu salowa pabwalo pawo. Choncho akhala pamsangu pomwepo. Anawonjeza, mosaopseza, kuti kukada afisi amatsata mchenga wa mtsinjewo kufuna madzi, ndipo galu womangidwa sathawa.

Joanna anayang'ana dzuwa. Linali litapendeka kale. Anayang'ananso mwamuna wake, ndipo anaona mawu akukwera pakhosi pake. Ankawadziwa mawuwo asanatuluke: ndi mwana uyu, bambo, mwana sadziwa kanthu. Anali mawu osavuta, ndipo ambiri akanawanena. Koma Kumbu anawatsogolera. Anapita kukaima patsogolo pa mkulu uja, fumbi lili mbuu kumbuyo kwa diresi.

"Agogo, ndine ndataya chingwe. Musamupatse fisi Chigumu."

Che Swaibu anawerama mpaka ndevu zawo zinafika pafupi ndi chipewa cha mwanayo.

"Mwanache, ine sindizenga mlandu ndi munthu wa mano a mkaka," anatero. Kenaka anaweramuka n'kuyang'ana Hudson. "Ndikufuna amene anaona dimba ndi maso ake, n'kupereka chingwe."

Hudson anavula jekete la ku tchalitchi n'kulipereka kwa mkazi wake. Anavula nsapato n'kuziika bwinobwino pamthunzi, napinda buluku mpaka m'mawondo. Atatero anafunsa kuti ayambire pati.

Ntchito yake inali yambiri kuposa mmene inkaonekera. Mitengo yothyoka inafunika ina, ndipo Hudson anatsikira kumtsinje ndi chikwanje cha eni ake kukadula bango lokhwima. Tomato aliyense anafunika kumudzutsa mosamala, kumukwirira m'tsinde ndi kumumanga ndi luzi. Kenaka Che Swaibu ananena kuti mbewu yogwedezeka mizu ikagona ndi ludzu m'nyengo yotentha, m'mawa imapezeka itafota. Yonse iyenera kumwa lero lomwe. Madzi anali pa chitsime chokumba mumchenga, kunsi kwa gombe lotsetsereka. Hudson anatenga ndowa ziwiri.

Munthu amene wakhala zaka zambiri pampando akupalasa makina ali ndi mphamvu m'akakolo mokha. Ulendo woyamba anakwera gombe akuimba mluzu. Pasanapite nthawi mluzu unatha, malaya oyera anamatirira pamsana, ndipo zigwiriro za ndowa zinayamba kumudya m'manja. Amayi ochapa aja anali atasendera pafupi kuti aone bwino.

"Atelala, lero mukusoka tomato?" mmodzi anafunsa, anzake n'kufa nacho chiseko.

"Ndikusoka, mayi," Hudson anayankha akupuma mwabefu. "Mubwere mudzayese ngati akukukwanani."

Joanna anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'mizere kukathandiza kudzutsa mbewu. Atafuna kulandirako ndowa, mwamuna wake anakana. Anati Joanna anachenjeza nthawi ikadalipo, ndiye madziwa si ake. Che Swaibu ankatsatira pambuyo akuyesa mfundo iliyonse ndi chala, ndipo anavomereza kuti pa zomanga, telalayu manja ake ndi odalitsika, kungoti msana wake ndi wapampando. Kumbu anakhala pamsangu atakumbatira khosi la Chigumu, akumugawira mbatata ndi kumulangiza ndi mawu a mayi ake. Nthawi ndi nthawi ankafuula kufunsa ngati fisi wanyamuka kale kwawo.

Mithunzi inatalika. Amayi ochapa anasenza mabeseni awo n'kumapita, ndipo chiseko chinapita nawo. Matuza a m'manja mwa Hudson anaphulika, iye n'kukulunga zigwiriro ndi masamba a nthochi. Kawiri konse anaterereka pagombe, madzi n'kutayikira mumchenga, ndipo anabwerera kuchitsime osatukwana. Mizere yogwa inaimanso umodzi umodzi, koma nazale inali isanakhudzidwe, pamene dzuwa linali litakhala pamwamba pa milambe ya kutsidya, lofiira ngati khala.

Litangolowa, Che Swaibu anatenga madzi pang'ono, anasamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi, n'kupita kuseri kwa nthochi kukaswali. M'dimba munatsala mopanda woyang'anira. Joanna anaona mwamuna wake ataima ndi ndowa, maso ali pa msangu. Mfundo ya chingwe inali yosavuta. Mwana yemwe akanatha kuimasula, ndipo njira ya ku Nkaya inali pompo. Hudson anayang'ana mfundoyo, anayang'ana Kumbu amene ankamuyang'ananso, kenaka anatembenuka n'kutsikiranso kuchitsime. Joanna anakhala akunyadira msoko wa mwamuna wake kwa zaka zambiri, koma sanamuonepo wamtali ngati mmene anamuonera madzulo amenewo, ali wopindika msana, matope mpaka m'mawondo.

Che Swaibu atabwerako anayenda m'mizere mwakachetechete, akupondaponda dothi kuti amve chinyezi. Anaima pa nazale n'kupukusa mutu. Kumbu anagwira lamba wa galu wake ndi manja onse awiri.

"Nazale safesa mothamanga, ndiponso safesa kukuda," mkuluyo anatero. "Mwambo ukuti galuyu atsale. Koma munthu amene amathirira mwini dimba atatembenuka, mawu ake ndi chikole chokwanira. Mubwere Lamulungu ndi msana womwewu."

Hudson analonjeza. Che Swaibu anapita pamsangu n'kumasula chingwe. Kumbu anatambasula kadzanja kake, koma mkuluyo anakadutsa mofatsa n'kuika chingwecho m'dzanja lamatuza la bambo ake. Banjali linabwerera kwawo kusanade kwenikweni, Kumbu ali kumsana kwa mayi ake, Chigumu akuyenda mofatsa ngati kuti sanalakwepo chibadwire.

M'mawa mwake pakhonde la sitolo makina sanalire. Zala za Hudson zinakana kugwira singano, ndipo pofuna kukhala pampando ankayamba wagwira khoma ngati nkhalamba. Kumbu anadzuka wopanda ngakhale kachilonda. Anamwa phala lake n'kuyamba kuthamangitsana ndi Chigumu kuzungulira mtondo, za dzulo ataziiwala kale. Amayi amene anabwera kudzatenga madiresi awo anauzidwa kuti adikire, ndipo atafunsa chimene chagwetsa atelala, Joanna ndiye ankafotokoza, akuthira thobwa m'makapu. Sankabisa kuti mwamuna wake ndiye anapereka chingwe, koma nkhaniyo ankaikamba mutu uli m'mwamba, ndipo pofika pa ndowa ankachedwapo.

Lamulungu lotsatira Hudson anapita kukafesa nazale monga analonjezera, ndipo anabwerako akutsimphina kachiwiri. Mnzake wina wokonza njinga anamufunsa kuti n'chifukwa chiyani akuzunzika chonchi pa chinthu chimene anachita ndi mwana ndi galu. Hudson anayang'ana Kumbu, amene ankasewera pafumbi osadziwa n'komwe kuti akukambidwa, n'kuyankha kuti mwana analira, koma amene anamva kulirako n'kugonja anali ndi ndevu. Akuluakulu anaziona kalekale zimenezi, n'chifukwa chake anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu.