Njere Khumi pa Chiguduli

Panali munthu wina, mlimi, amene sankafuna kumva funso pakhomo pake. Anali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, dzina lake Sungeni.

Tsiku lina Sungeni akusesa, anaona njere za chimanga zimene zinagwera kuseri kwa mtsuko, pamalo ponyowa. Zina zinali zitamera, zina zitavunda. Anafunsa chifukwa chake, koma palibe anamuyankha. Choncho anatenga njere khumi m'thumba la mbewu imene bambo ake ankati adzadzala, ndi zina khumi pa chimanga chopachika kutsindwi kwa khitchini. Anazifunditsa chiguduli chonyowa, n'kumazithirira m'mawa uliwonse. Patapita masiku asanu, za kutsindwi zinamera zisanu ndi zinayi. Za m'thumba zinamera ziwiri zokha.

Mwanayo anathamanga kukaonetsa bambo ake. Mlimiyo sanawerame n'komwe.

"Mbewu si chidole. Wabadwa dzulodzuloli iwe, lero uzindiphunzitsa kulima?"

Anakankha chigudulicho ndi phazi, njere zonse n'kutoledwa ndi nkhuku, mwana n'kulandira khofi.

Mvula itagwa, mlimiyo anadzala mbewu ya m'thumba ija munda wonse. Inamera mwa apo ndi apo. Pamene ankati abwereze, chimanga cha kutsindwi chinali chitapita kale kuchigayo. Ndiye munthu wopanda manyaziyo anazungulira mudzi wonse kulalika kuti wina wamulodzera munda.

Chaka chotsatira, njala itamuphunzitsa, anaitana Sungeni n'kumufunsa kuti paja ankachita bwanji ndi chiguduli chija. Mwana anagwada, maso ali pansi.

"Sindikudziwa, bambo. Chinali chibwana chabe."

Nkhaniyi imandipsetsa mtima, ndipo sindibisa. Makolo anzanga, pakamwa pathu sipachoka mwambi woti safunsa anadya phula, koma mwana akafunsa, ndife oyamba kuthyola mkwapulo. Mukapeza wanu akuthira mchere ndi mchenga m'madzi kuti aone chimene chisungunuke, musathamangire kukuwa kuti akuwononga. Weramani, mumufunse chimene waona. Mlimi uja anataya chimanga cha chaka chimodzi, ndipo chimanga chimalimidwanso. Koma Sungeni sanafunsenso kanthu, ndipo mpaka lero anthu a m'mudzimo amamutama kuti ndi mwana waulemu.