Tsiku Limene Mwini Chigayo Anazimitsa Injini

Panali munthu wina, mwini chigayo, amene anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Mwatitha. Mwanayo anafika zaka zisanu ndi chimodzi akulankhula mawu owerengeka. Chigayo chikangolira, ankatseka makutu ndi manja n'kumakuwa mpaka mawu kusasa.

Pakamwa pa anthu mumapadziwa inu. Amayi odzagayitsa anayamba kunong'onezana kuti, "Mwana uja anamukhwimira. Nzeru zake ndi zimene zikuyendetsa chigayochi."

Mawuwa anamupweteka bamboyo, pakuti mwanayo ankamukonda kwabasi. Ndiye imvani nzeru zimene anapeza. M'mawa uliwonse ankamunyamula n'kukamukhazika pa thumba la gaga pafupi ndi injini, ati azolowere, anthu aone kuti palibe chobisa. Kalanga ine! Mwana sanazolowere. Anayamba kuthawa bambo ake, akangomva mapazi awo iye ali kunsi kwa bedi.

Miseche bamboyo ankaipirira, koma kuthawidwa ndi mwana wake kunamukanika. Anapita naye kuchipatala, kwa mayi wina mlangizi wothandiza ana otere. Mayiyo sanamugwire Mwatitha. Anakhala pansi chapatali, namuyang'ana akusewera, nafunsa bamboyo mafunso ambirimbiri.

Potsiriza anati, "Bambo a Mwatitha, mwana wanu sanalodzedwe, komanso si wamwano. Ubongo wake umamva zinthu mosiyana ndi anzake, ndi mmene anabadwira. Phokoso limene inu munalizolowera, iyeyu limamulasa ngati minga. Sakudana nanu ayi. Akuopa kumene mumapita naye."

M'mawa mwake linali tsiku la msika, mzere wa odzagayitsa mpaka kumsewu. Bamboyo anaona mkazi wake akudutsa ndi Mwatitha, mwanayo manja ali kumakutu. Anapita pa injini, naizimitsa. Kunangoti zii.

"Aa, inu bambo! Chimanga changa chili m'kati!" anadandaula mayi amene anali kutsogolo.

"Pepani mayi, dikirani. Mwana wanga ayambe wadutsa."

Anatuluka, nanjuta panja, osamuitana. Mwatitha anatsitsa dzanja limodzi, kenako linalo. Anabwera yekha pang'onopang'ono, nagwira chala cha bambo ake choyera ndi ufa. Bambo wamkulu uja misozi inangoti mbwee, anthu akuona.

Mukuganiza kuti miseche inatha? Ayi ndithu! Ena anati, "Mwaonatu, wazimitsa chigayo mwana n'kukhala bwino." Bamboyo anayamba kugaya nthawi imene mwana ali kusukulu, ndipo Lachitatu lililonse ankatseka chigayo, awiriwo n'kupita kwa mlangizi uja atagwirana chala.

Inu amene muli ndi mwana wotere, kapena m'bale wamkulu amene anthu amati ngwachilendo, musamuzunze pofuna kutseka pakamwa pa anthu, pakuti sipatsekeka. Pitani naye kwa alangizi, mukadziwe chimene chimamulasa. Mukachidziwa, chizimitseni, ngakhale mzere ufike kumsewu.