Paini wa Ulemu ndi Giyabokosi Yodontha

Kalekale, koma kale lake loti mathirakitala anali atafika m'midzi, kunali mkamwini wina dzina lake Lufeyo. Iye ndi mkazi wake Delifa anadzala paini m'mbali mwa phiri chaka chimene mwana wawo Ulemu anabadwa, nati mitengoyo ndi ya mwanayo. Analinso ndi thirakitala yokalamba yokoka makina otchetchera udzu, aja a mipeni yozungulira kunsi. Chilimwe chilichonse Lufeyo ankatchetcha kuzungulira nkhalangoyo, Delifa akukokola udzu pambuyo, kuti moto wa osaka mbewa ukafika upeze poyera, ufere pomwepo.

Chaka china Delifa anamwalira udzu usanatchetchedwe.

Lufeyo sanalire. Kumanda anangoima ngati munthu wodikira basi. Mumtima mwake munalibe chisoni, munalibe mkwiyo, munali zii. Mwambo unati namfedwa asagwire ntchito mpaka atameta, koma ngakhale ukanamulola, munthu wake anali woti chikho cha madzi ankachita kumugwiritsa. Ankangokhala pakhonde, maso ali pa giyabokosi ya makina aja, kabokosi kachitsulo kamene kamalandira mphamvu ya thirakitala n'kuzungulitsa mipeni. Labala yotseka kunsi kwake inali itadyeka, ndipo oilo ankadonthera m'dothi. Kuseri kwa phiri utsi unali utayamba kuoneka. Zonsezi ankaziona, tanthauzo lake ankalidziwa, koma pakamwa panali gwa.

Woyamba kudzuka anali Yotamu, mlongo wake wa malemu, munthu wamphamvu koma wa makutu okongoletsa mutu. Anaona utsi, sanafunse munthu. Anapeza chigubu cha oilo wakuda wotsitsa mu injini, nathira m'giyabokosimo mpaka kusefukira.

"Oilo ndi oilo basi, alamu," anatero podutsa pakhonde.

Lufeyo ankadziwa kuti oilo ameneyo ndi wamadzimadzi, sakhalitsa pamalo potayikira. Anangomuyang'ana. Yotamu anakwera thirakitala natchetcha mbali yonse ya kumtunda, kumiyala kumene ena amaopa kugudubuzika, dzuwa likumuwotcha paliwombo.

Wachiwiri anali Esinala, mng'ono wake wa malemu, amene anatenga ntchito yokokola udzu. Za makina sankadziwa ngakhale dzina la bawuti, koma mphuno ndi makutu anali nazo. Anaona mzere wakuda pa udzu wodulidwa, anamva fungo la chitsulo chopsa, ndipo kulira kwa makinawo kunali kutasintha. Anakuwa, koma Yotamu sanatembenuke. Tsono mayiyo anathamanga nakaima kutsogolo kwa thirakitala, manja ali m'mwamba, mpaka tayala linaima litakhudza chitenje chake.

"Mwapenga kodi? Moto uli apo!" anakalipa Yotamu.

"Achimwene, chinthu chanuchi chikupsa. Mukafuna kupitiriza, yambani mwaponda ine."

Yotamu atatsika n'kulavulira pa giyabokosiyo, malovu anachita thovu. M'kati munali mutauma. Akanayenda pang'ono pokha, mano a magiya akanalumana osasiyananso, ntchito n'kuthera pomwepo. Koma ntchito inaimabe, pakuti labala yatsopano inali kutauni, ndipo mphepo inali ikukankhira utsi kumudzi.

Wachitatu anali Zakeyu, mkulu wake wa Lufeyo, makaniko wa kutali amene anangobwerera maliro. Chikwama chili paphewa, anali atatsanzika kale. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anaika chikwama pansi, nasakaniza girisi ndi oilo pang'ono m'chitini mpaka zinakhala ngati phala lolimba. Anadikira chitsulo chizizire, namasula bawuti ya pamwamba, n'kumakankhiramo phalalo ndi chala, pang'onopang'ono, akuzungulitsa mipeni ndi dzanja kuti lilowe paliponse.

"Izi zikatentha zimasungunuka n'kunyowetsa magiya, koma pa labala yodyekayo sizituluka ngati madzi," anatero. "Si mankhwala ochiza ayi. Koma lero zikufikitsani."

Kuyendetsa thirakitala paphiri Zakeyu sankatha, ndipo ananena yekha. Yotamu uja anakweranso, natchetcha mbali yotsala phulusa likumugwera m'maso, Esinala ndi amayi anzake akukokola pambuyo. Moto unafika masana, unanyambita m'mphepete, unafa. Paini sanapse ndi mmodzi yemwe. Anthu anabwera kudzamuuza Lufeyo akuwefuka ndi chimwemwe, iye n'kungoti, "Chabwino."

Atameta, akuchikazi anamusudzula monga mwa mwambo: mkamwini abwerere kwawo, mwana atsale kwa abale a amayi ake. Mwini mbumba, malume ake a Delifa, anamuitana pamaso pa onse.

"Bambo a Ulemu, nkhalango ndi ya mwana, ndipo popanda thirakitala siikhala. Ife sitikulandani. Kiyi mupereke nokha kwa munthu mmodzi, ameneyo ndiye asunge zonse mpaka mwana akule."

Yotamu anati, "Ndinalowa mu utsi ndine. Inde ndinathira oilo wolakwika, koma enanu munali mutakhala pansi."

Esinala anati, "Ine sindidziwa sipanala. Koma pakanapanda ine, bwenzi mukulimbirana chitsulo chakufa. Ndiponso mwanayu agona m'nyumba mwanga."

Zakeyu anati, "Ine kuno si kwathu, ndipo ndizingobwera chilimwe. Koma giyabokosi ikadzadonthanso, mwa awiriwa adzaitseke ndani?"

Lufeyo anawayang'ana onse atatu. Anafunafuna mumtima mwake kuti mwina mupezeka kokondera, kapena koipidwa ndi wina, koma sanapezemo kanthu. Chimene ankadziwa n'chakuti akalakwitsa dzanja, chilimwe china mwana wake adzatsala ndi makala okhaokha, iye ali kutali. Katundu wake anali atamangidwa kale, njinga itatsamira pamtengo, ndipo Ulemu anali atagwira chiwongolero chake osafuna kusiya.

Tsono inu amene mitima yanu ikugwira ntchito, muthandizeni munthuyu asanakwere njinga. Kiyi ameneyu aikidwe m'dzanja la yani: la wolimba mtima wosamva, la womva wosadziwa kukonza, kapena la wodziwa amene kwawo n'kutali?