Mlonda Amene Anabweza Malume Ake Pakhomo

Ndagi! Kwathu kukasowa kanthu ndimabweza mlendo, iye n'kumathokoza. Zakukanikani eti? Sunthirani kuno, ana inu.

Kalekale misewu yonse ya magazi m'thupi mwa munthu inali ndi mwambo umodzi: mpweya ukachepa, kulitsani msewu, magazi abwere ambiri. Kuntchafu ankatero, kumapapo ankateronso.

Tsono m'mapapo mwa mlimi wina, Chikalimba, munali mlonda wamng'ono kuposa nsabwe, dzina lake Nachipata. Iyeyu ankasunga timakomo tiwiri pakhoma la msewu, kena kotulukira chidulo, kena kolowera njereza. Chidulo chikamatuluka, khoma linkakhala lofewa, msewu uli tambalala. Chikaleka kutuluka, njereza inkalowa, msewu n'kufinyika ngati kukamwa kwa thumba. Msewuwo unkapita kukachipinda kamodzi mwa zipinda zambiri kumene Magazi, malume ake a Nachipata, ankatungako mpweya wa thupi lonse.

Tsiku lina Chikalimba anadwala chifuwa, makhololo n'kutseka kachipinda kaja. Nachipata anatsata mwambo, nakulitsa msewu. Magazi anakhamukirako, koma anabwerako chimanjamanja. Anapitanso, chimodzimodzi. Chikalimba anangoti khu! mumzere, khasu uko.

Nachipata anamva Mtima ukuguguda mofooka, ndipo anadziwa kuti mwini thupi akapita, onse apita. Posachedwa anamva mawu a Magazi pakhomo.

"Odi kuno, Nachipata!"

"Pepani malume, lero musalowe."

"Iwe! Unaleredwa ndi anyani? Mlendo amabwezedwa ali chiimire? Anzako kuntchafu akunditsegulira mpaka mano kunja!"

"Akuntchafu ndi akumwa, malume. Ife kuno ndi pachitsime. Chitsime chikauma mumaitanira anthu ndi mitsuko?"

"Pakamwa ngati amako!"

"Alongo anu omwewo. Dzerani uko, zipinda zinazo mpweya uli mbwee."

Manyazi anamugwira Nachipata, koma kakhomo ka chidulo anakatseka ndithu. Njereza inalowa, msewu unafinyika. Magazi anapotoloka akung'ung'udza, nakatunga kuzipinda zabwino, n'kubwerako atasenza, ali psuu kufiira. Chikalimba anatsegula maso, nakhosomola, nafunsa kuti khasu lake watenga ndani.

Chifuwa chitapola, mpweya unabwerera m'kachipinda kaja, Nachipata natsegulanso. Magazi anaima pakhomo akukanda m'mutu.

"Lero ndilowe, kapena undithamangitsanso?"

"Lowani, malume, lero chilipo."

"Iwe mwana, mwano wako uja uphunzitse anzako onse."

Ndi chifukwa chake lero, mpweya ukachepa, misewu ya magazi kwina m'thupi imakula, koma ya m'mapapo imafinyika. Ndipo mukakwera phiri lalitali kwambiri, kumene mpweya ndi wochepa m'zipinda zonse, a Nachipata onse amatseka pamodzi. Ikani dzanja pachifuwa, mumva gu, gu, gu. Ndi malume aja, akuodira khomo ndi khomo.