Lamya Yosunga Sabata

Mu 1956, Fanuel Manda anabwerera kwawo ku Chintheche atasenza digiri ya zamagetsi kuchokera ku Joni, ndipo mapewa ake ankaoneka kuti akumva kulemera kwake. Anabwera kudzachita kafukufuku wa digiri yachiwiri. Funso lake linali limodzi: n'chifukwa chiyani mawu a pa lamya ya pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay ankazilala m'mawa uliwonse, n'kubwerera masana?

Ku positi ofesi anamupereka m'manja mwa a Jairos Longwe, bambo amene anakhala akukwera mitengo ya waya imeneyo kwa zaka makumi atatu. Tsiku loyamba lomwelo a Jairos anayamba kunena kuti vutolo akulidziwa, lili ku Sanga, koma Fanuel anawadula pakamwa.

"Ada, inu ntchito yanu ndi makwerero. Zoganiza mundisiyire ine."

A Jairos anavomera mwaulemu, n'kunyamula makwerero awo.

Miyezi isanu ndi itatu Fanuel anakhala mu ofesi pamaso pa makina ake opimira mphamvu ya magetsi, akulemba manambala ola lililonse. Ku Sanga sanapondeko, pakuti munthu wa digiri sapsereza mapazi pamchenga. Mkazi wake Bertha, yemwe ankalima yekha chinangwa kuti wanzeruyo asasokonezeke, atamufunsa ngati anamvako za a Jairos, anauzidwa kuti sayansi siimwera chikho chimodzi ndi mphekesera.

Pomaliza nzeru zinabala. Fanuel anapeza kuti nkhungu yochokera panyanja ndiyo imayamwa magetsi a m'waya mpaka dzuwa litaiumitsa. Analemba masamba mazana awiri, ndipo nkhunguyo anaipatsa dzina lake lomwe, kuti mibadwo ya m'tsogolo isavutike kufunafuna woti imuthokoze.

Ku yunivesite, aphunzitsi atatu anamukhazika patsogolo pawo. Wamkulu wawo anatsegula masamba a manambala aja n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono. Anayamikira kuti manambalawo analembedwa mosamala kwambiri, kenaka anafunsa:

"Bambo Manda, Lamulungu lililonse lamya yanuyi ikumveka bwinobwino. Kodi nkhungu ya kwanuko imapita kutchalitchi?"

Fanuel anayang'ana masambawo ngati analemba ndi munthu wina. Aphunzitsiwo anamupatsa chaka chimodzi kuti ayambirenso, apo ayi aiwale za digiri.

Atafika kumudzi anagona masiku awiri akunamizira malungo. Tsiku lachitatu anapita kwa a Jairos chipewa chili m'manja. Bamboyo sanamunyoze. Anangomutenga m'mamawa mpaka ku Sanga, kumene mtengo umodzi unapendekeka ndipo waya anatsika kufika m'mapewa mwa munthu. Pa waya pamenepo asodzi anali atayanika maukonde awo onyowa, ndipo m'munsi mwake munkakhudza pansi. Mawu onse a boma ankatsikira m'maukondemo n'kulowa mumchenga, mpaka maukondewo atauma masana. Lamulungu asodziwo, pokhala Akhristu olimba, sankapita panyanja.

"Mtengowu ndinaunena kalekale, koma watsopano sabwera," anatero a Jairos. "Asodzi ndikawathamangitsa, mawa abwereranso."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Munati zoganiza ndikusiyireni, ada. Ine ndinakusiyirani."

Fanuel anathandiza kuyanula ukonde umodzi, manja ake akununkha usipa, asodzi akumufunsa ngati kumeneku ndiye kuphunzira kwa ku Joni. Safunsa anadya phula.