Mitsuko Yomwe Inakumbukira Nangozo

Kale kwambiri, misewu isanadule madambo, kunali midzi isanu yomwe inkamwa mtsinje umodzi. Anthu ake ankalima mapira, ndipo njala inali itawaphunzitsa kuti mbewu siisungidwa m'nyumba momwe muli ana. Choncho akakolola, banja lililonse linkabweretsa mbiya ya mbewu yomata kukamwa ndi dothi, n'kuindandalika m'kanyumba kamodzi ka pachulu. Mvula ikagwa ankamatula mbiya zonse n'kugawana.

Tsiku losonkha mbewulo linali ndi mwambo wake. Amayi asanu oumba, mudzi uliwonse wakewake, ankakhala motalikirana pansi pa mikuyu, aliyense mtsuko wauwisi pamiyendo. Mbiya ikamalowa m'kanyumba, onse asanu ankatema pakhosi pa mtsuko chizindikiro cha banja lomwe laibweretsa, motsatana mmene mbiyazo zikuikidwira. Koma asanatero, ankayamba akopera pamimba pa mtsukowo zizindikiro zonse za mtsuko wa chaka chatha. Motero mitsuko ya zaka zonse inkagwirana ngati ana powoloka mtsinje. Akaiotcha, uliwonse unkapita kumudzi kwawo. Ndipo dothi likapsa, ana inu, silimvanso chala cha munthu.

M'mudzi wa pachuluwo munali mayi wina dzina lake Nangozo, wofatsa mpaka ena ankati n'ngopusa. Chizindikiro cha banja lake chinali phazi la nkhuku.

Chaka china, pomatula mbiya yachisanu ndi chiwiri, anapeza mapira pamwamba pokha. Pansi ponse unali mchenga. Mbewu inaperewera, minda ina inagona. Kanyenda, bambo yemwe ankasunga kanyumbako, anathamangira kwawo n'kubwera ndi mtsuko wa mudziwo. Atawerenga ndi chala, pa malo achisanu ndi chiwiri panali phazi la nkhuku. Nangozo analumbira, analira, anapempha kuti akaone mitsuko inayo. Koma mtsinje unali utasefukira, ndipo munthu wanjala sachedwa kuweruza. Anamuchotsa m'gulu la mbewu pamodzi ndi mwamuna wake Mlauzi, ndipo awiriwo anakamanga kanyumba kumapeto kwa dambo. Mlauzi anamwalira patapita zaka zitatu, dzina lake lidakali lakuda. Pamaliro panabwera anthu owerengeka.

Madzi ataphwa Nangozo sanapitenso kukafunsa. Manyazi amamanga miyendo kuposa chingwe.

Zaka khumi ndi ziwiri zinadutsa. Mwana wake Ndaziona anakula, ndipo mnyamata wina wa kutsidya anamufunsira. Koma ankhoswe a mnyamatayo atamva za banjalo anabwerera panjira, ati sangalowetse mwana wawo m'mbumba yothira mchenga m'mbewu. Ndaziona sanalire pamaso pa amake. Anangosiya kuimba posinja, ndipo zimenezo zinamupweteka Nangozo kuposa zonse zomwe anaziona.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Nangozo anakhala pansi pa mkuyu kudambo ndipo tulo tinamuba. Analota mitsuko ikutsika m'mbali mwa mtsinje pamzere, pang'onopang'ono, madzi akukhavukira m'mimba mwake. Inkadutsa pafupi naye kukamwa kuli yasa, ngati ili ndi mawu koma ikudikira wofunsa. Wina unamukhudza phazi, ndipo unali wozizira bwino. Atadzidzimuka anapeza mthunzi utasuntha, mbalame zili chete. Anadzuka, anamanga nsalu m'chiuno, n'kulowera kutsidya osauza munthu.

Ulendowo unamutengera masiku asanu ndi limodzi, ndipo iye mwini ankati ankayenda ngati sanadzuke. M'mudzi woyamba anapeza mtsuko wa chaka chija akumweramo nkhuku. M'wachiwiri unali kuseri kwa nkhokwe, mavu atamangamo. Anthutu anali ataiwala kuti mitsukoyo ili ndi ntchito, poti panalibe yemwe anaifunsapo kanthu. M'mudzi wachitatu anamuuza kuti unasweka kalekale. Mtima wake unagwa, koma mayi woumba wa kumeneko anamugwira dzanja.

"Musadandaule, amayi. Wosweka uja unasiya mawu kwa mng'ono wake," anatero, akutulutsa mtsuko wa chaka chotsatira.

Pamimba pake panali zizindikiro zonse za chaka cha mchenga. Nangozo anayendetsa chala, ndipo pa malo achisanu ndi chiwiri sipanali phazi la nkhuku. Panali mwezi wongooneka kumene, chizindikiro cha banja la Kanyenda. Mtsuko wa mudzi wachinayi unanenanso chimodzimodzi, monganso iwiri yoyamba ija.

Tsiku losonkha mbewu litakwana, anthu anadabwa kuona amayi anayi akubwera atasenza mitsuko yakale yandere, Nangozo ali patsogolo. Anaitula pafupi ndi wa Kanyenda uja. Panalibe wokalipa. Anthu ankangobwera mmodzimmodzi, kugwada, kuwerenga ndi chala, n'kubwerera mwakachetechete. Inayi inkanena mwezi, umodzi wokha phazi la nkhuku. Apo m'pamene mkazi wa Kanyenda anaphimba nkhope ndi nsalu n'kuulula kuti chaka chimenecho anadya mbewu yawo isanapite pachulu n'kuthira mchenga m'mbiyamo, ndipo mwamuna wake anaswa mtsuko weniweni n'kumuumbitsa wina.

Kanyenda anali atakalamba, mutu uli mbuu. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu.

"Abale anga, zaka khumi ndi ziwiri," anatero. "Nkhani imeneyi inawola kale. Tiifukuliranji?"

Nangozo, amene anthu ankamuyesa wopusa uja, anamuyankha.

"A Kanyenda, chomwe chinawola ndi mwamuna wanga kumanda. Mlandu suwola."

Tsiku lomwelo mbiya ya Nangozo inalowa m'kanyumba ka pachulu, ndipo amayi asanu anatema phazi la nkhuku pa dothi lauwisi. Ndaziona anakwatiwa mapira asanache.

Inu a masiku ano mwatulukira njira yomwe mukuitcha bulokotcheni, ndipo mumaitchula monyada ngati munaibadwa nayo. Akuti nkhani imodzi imalembedwa m'makompyuta ambiri nthawi imodzi, ndipo cholembedwa chatsopano chilichonse chimanyamula chidindo cha chomwe chinachitsogolera. Akuluakulu a makampani amaifuna kuti adziwe komwe thumba la mtedza kapena botolo la mankhwala lachokera, ndi manja omwe ladutsamo. Wofuna kunama ayenera kusintha zolembedwa zonse, kulikonse komwe zili, monga Kanyenda akanayenera kuswa mitsuko ya midzi isanu, ya zaka zonse. Nzeruyo ndi yabwino. Koma mitsuko ija inasunga choona zaka khumi ndi ziwiri nkhuku zikumweramo, mpaka munthu ananyamuka kukaifunsa.

Kuyambira pamenepo anthu amati mlandu suwola. Tanthauzo lake n'lakuti cholakwa sichitha chifukwa chakhalitsa. Ungachikwirire, anthu angaiwale, iwe mwini ungamere imvi, koma tsiku lofunsidwa limafika ndithu. Mwambiwu umachenjeza wolakwa kuti asagonere nthawi, ndipo umalimbitsa mtima wonamiziridwa kuti asaleke kufunsa. Umatikumbutsanso ife oweruza anzathu kuti tisafulumire ndi umboni wa pakamwa pamodzi, chifukwa mlandu umadikira koma munthu sadikira. Dzina la Mlauzi linayera, koma mwini wake sanalimve.