Yisiti wa M'mbiya ya Malita

Pakhomo pa Malita, kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Golomoti, mowa sunkasasa. Mwezi wa Okotobala, dzuwa la kuchigwa likang'amba nthaka ngati chidendene cha mlimi, azimayi ena ankataya mowa wawo utawawasa ngati bwemba, koma wa Malita unkapsa bwinobwino. Chinsinsi chinali mbiya yakuda imene adasiya malemu mayi ake. Mbiyayo sinkaonana ndi sopo. Ankangoitsukuluza ndi madzi ozizira, ndipo akathiramo phala ndi chimera, inkayamba kunong'ona yokha m'chipinda, ngati anthu okambirana pansipansi pamaliro.

Mlongo wake wa Malita, Saulosi Kaphwiti, adali katswiri wa sayansi pa koleji ina mumzinda. Ntchito yake inali kufufuza za yisiti, tamoyo tosaoneka ndi maso timene timatupitsa buledi ndi kuwiritsa mowa. M'chaka cha 1987 adabwera kumudzi kudzapuma, ndipo atamva mbiya ikuwira m'kutentha koteroko adadabwa, pakuti yisiti amene iye ankamudziwa amafooka kukatentha. Adapala m'kati mwa mbiyayo ndi kampeni, zopalazo n'kuika m'kabotolo.

Ku labotale, zimene adaona zidamusiya kukamwa kuli yasa. Yisitiyo ankadya madzi a nzimbe n'kuwasandutsa mowa waukali, wotheka kuyendetsera galimoto, pa kutentha kumene yisiti wina aliyense amafa. Adalemba zonse kuti atumize ku magazini ya asayansi ya ku Ulaya. Koma atafika ponena kumene adampeza yisitiyo, cholembera chidaima. Iye, munthu wophunzira kumishoni, wovala tayi, auze dziko lonse kuti ndi mwana wa mayi wofulula masese? Adalemba kuti adampeza pa zipatso za mfula m'tchire la ku Mtakataka. Nkhaniyo idasindikizidwa, ndipo dzina lake lidawoloka nyanja.

Bodza likagona m'nyumba, mwini wake sagona. Saulosi adayamba kuopa kuti tsiku lina mnzake wa kuntchito adzafika kumudzi n'kuiona mbiya ija. Choncho adabwera ndi diramu yatsopano yonyezimira.

"Achemwali, mbiya iyi yakalamba, ndiponso ndi yauve. Muzifululira umu."

"Achimwene, mayi ankafulula m'menemu inu musanabadwe," adayankha Malita. "Ndani adadwalapo?"

"Chimene chimapsetsa mowa ndidachitenga kale, chili m'firiji kuntchito. Ichi changotsala chigoba."

"Ngati ndi chigoba, chikukupwetekani chiyani? Chisiyeni."

Saulosi sadamve. Adawiritsa madzi yekha, nathiramo sopo, n'kukwecha m'kati mwa mbiya ndi mchenga mpaka kuda kwa zaka makumi anayi kudayenderera pabwalo. Nkhuku zidafika kudzajompha, koma zidangoyang'ana madzi akudawo n'kubwerera. Malita adaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Mwaipha," adatero motsitsa mawu.

Mowa wa m'diramu udasasa ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu. Adayesanso mbiya yokwechedwayo, koma phala lidangogona duu, osatulutsa n'kathovu komwe. Anthu akumwa adasamukira kwina, ndipo Malita adaleka kufulula.

Patapita zaka ziwiri, makalata adayamba kufika kwa Saulosi. Asayansi a mayiko atatu ankapempha kuti awatumizireko yisitiyo, pakuti mwambo wa magazini oterewa ndi wakuti ukalengeza chinthu, anzako ayesenso okha aone ngati n'zoona. Koma mwezi womwewo firiji idafa pa tchuthi, palibe adadziwa kwa sabata yathunthu. Atatsekula, lidamulandira ndi fungo la chovunda. Adabzala zotsalazo m'timbale tagalasi, koma simudamere kanthu. Adatsikira ku Mtakataka n'kumatola mfula m'tchire, ngati munthu woiwala kuti bodzalo adapeka ndi iye mwini. Yisiti wa pa mfula ankafa kukangotentha. Kenaka idabwera kalata ya mkonzi wa magazini: akalephera kutumiza yisitiyo pa miyezi itatu, alengeza kuti nkhani yake njosadalirika.

Saulosi adatsika sitima pa Golomoti atawonda, kolala ikumuzungulira khosi. Adapeza Malita akupeta mpunga.

"Achemwali, mbiya ija ili kuti? Mwina m'ming'alu mudatsalako kanthu."

Malita sadadzutse mutu. "Idapita kwa mwini wake."

"Kwa yani?"

"Ndidaiboola pansi n'kukaivundikira pamanda a mayi, monga timachitira ndi ziwiya za akufa. Ndipo ndikuuzeni, musapiteko. Kumanda sapitako munthu kulibe maliro."

Saulosi adadikira dzuwa lifike paliwombo, anthu atabisala m'mithunzi, n'kuzembera kumsitu wa manda. Kunja nyenje zinkalira mogonthetsa m'khutu, koma atangolowa pansi pa mitengo ikuluikulu ija, zonse zidadukiza kamodzi. Mphepo kunalibe, komabe m'menemo munkazizira ngati m'phanga. Adadutsa mbale zoboola, makapu odzala masamba, nsengwa zodyeka ndi chiswe, mpaka adaiona mbiya, itavundikirika kumutu kwa mtumbira wa mayi ake.

Adagwada natulutsa kampeni. Pomwepo adamva. M'kati mwa mbiya munkawira. Kanali kaphokoso kapansipansi ka thovu lophulika, ndipo pa chiboo chija pankatuluka fungo la mowa wakupsa kumene. Tsitsi lidamuimirira. Adaipendeketsa mbiyayo n'kusuzumira: munali mouma gwa, fumbi lokha ndi ukonde wa akangaude. Phokoso lidaleka. Atangoibwezera pansi, lidayambanso. Adayesa kudziuza kuti n'chiswe, koma chiswe sichinunkhira chimera.

"Mayi, ndine Saulosi," adapezeka atanena.

Kuwirako kudasiya. Bata limene lidatsatira lidamuopsa kuposa phokoso lija. Adapala msangamsanga, natseka kabotolo n'kuthamanga osacheuka.

Potuluka m'msitu adakumana maso ndi maso ndi azimayi awiri ochokera kotola nkhuni. Adaona mpeni m'dzanja lake, kabotolo m'dzanja linalo, ndi dothi la pamtumbira m'mawondo. Adaponya mitolo pansi n'kuliyatsa liwiro akukuwa.

Dzuwa lisanapendeke, mudzi wonse udali utamva kuti mwana wa malemu amakafukula mankhwala pamanda a mayi ake. Saulosi atafika pakhomo, Malita adatsekereza chitseko ndi thupi lake. Adamupatsira madzi akumwa panja, m'chikho chakale, ngati mlendo wodutsa.

"Achemwali, ndimangofuna yisiti basi."

"Kawauzeni anthuwo zimenezo, muone ngati amva. Inu mukwera sitima. Nanga ine ndikhala nawo bwanji anthu ano?"

Pa siteshoni padalibe womupatsa moni. Amayi ankakokera ana awo kumbuyo iye akamadutsa.

Zopala za kumandazo adazibzala m'timbale khumi ndi tiwiri. M'timbale tonse mudamera nkhungu yakuda bii. Miyezi itatu itakwana, magazini ija idasindikiza mizere inayi yokha, yonena kuti zimene adalemba Kaphwiti palibe wazitsimikiza ndipo zafafanizidwa. Anzake adayamba kumulambalala m'makonde a koleji, ndipo zolemba zake zina zinkabwezedwa zisanawerengedwe n'komwe.

Pamenepo ndi pamene adakhala pansi n'kulemba zoona. Adatchula Golomoti, adatchula mbiya, adalemba dzina la mayi ake ndi la Malita, nafotokoza momwe mowa unkapsera m'kutentha kwa Okotobala. Mkonzi adayankha mwaulemu kuti nkhaniyo njogwira mtima, koma popanda yisiti woti anthu ayese, palibe chimene angasindikize.

Saulosi adatha zaka zake zotsala akuyenda m'midzi ya kutali ndi kwawo, kupempha azimayi ofulula kuti apaleko m'mbiya zawo. Adapala mazanamazana, koma yonga ija sadaipezenso. Chimene adachitcha chigoba chidali chitasunga moyo kwa zaka makumi anayi popanda firiji, popanda magetsi, ndipo iye adachizindikira atachipha ndi manja ake. Akuluakulu sadaname: chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.